Chilolezo cha mwini thupi

Mphekesera ya anamapopa itabuka ku Mulanje mu Seputembala 2017, inafalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Chimene anthu ankaopa chinali chimodzi: kutengeredwa kanthu m'thupi iwo osadziwa. Aliyense amene ntchito yake ndi kupempha magazi kapena chiwalo asaiwale chaka chimenecho.

Nchifukwa chake mawu oyamba pantchitoyi ndi chilolezo. Kudinda chala papepala sikukwanira. Woperekayo auzidwe m'chinenero chimene akumva kuti magazi amene atengedwe sakwana theka la lita, kuti akayezedwa HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi, ndiponso kuti angathe kukana ngakhale namwino atamumanga kale lamba pamkono.

Pa impso mpamene nkhani imakula. Odwala impso kuno amadalira makina a dialysis ku zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central, ndipo ofunika kuikidwa impso ina amapita kunja, kawirikawiri ku India, limodzi ndi wachibale woti akapereke. Mawu akuti "mwaufulu" amavuta pomwepa. Ku Mulanje nkhani ya matenda aakulu imagamulidwa ndi mwinimbumba. Amalume akaloza mwana wa mlongo wawo pamaso pa abale nkunena kuti, "Iwe ndiwe wamphamvu, upereka ndiwe," mnyamatayo angayankhe chiyani? Awerama, avomera. Ine sindingakutche kumeneko kulola. Woyendetsa ntchitoyi ayenera kumuitana payekha, chitseko chotseka, amalume ali panja, nkumuuza zoopsa za opaleshoni ndi za moyo wokhala ndi impso imodzi. Akakana, achibale amangouzidwa kuti sangathe kupereka, chifukwa chake osatchulidwa. Ndicho chinsinsi, ndipo chimateteza mnyamatayo kuti asadzatchedwe wakupha m'bale wake pamaliro.

Mawu enanso ndi akuti thupi si malonda. Mu 2008 madokotala a m'mayiko ambiri anagwirizana ku Istanbul zoletsa kugulitsa ziwalo, ndipo kuno Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa lamulo la Anatomy Act mu 2016, kuphedwa kwa anthu achialubino kutafika posauzana. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira opereka magazi osalipidwa. Pali chifukwa chomveka. Wodikirira wodwala akathedwa nzeru nkulonjeza ndalama mlendo amene wamupeza pageti la chipatala kuti apereke magazi, mlendoyo abisa matenda ake pofunsidwa, poti akaulula ndalamayo imudutsa. Magazi otere, atapanda kugwidwa poyeza, akalowa m'thupi la mayi amene wangochira kumene kapena la mwana amene malungo amuthera magazi.