Mawu akuti deferral pa mipikisano yothamanga

Deferral ndi mawu a Chingerezi ochokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi kusunthira chinthu mtsogolo. Pa mipikisano yothamanga mtunda wautali, monga marathoni ya makilomita 42.195, mawuwa amanena za chilolezo chomwe wothamanga amapatsidwa kuti malo omwe anapeza chaka chino amusungire mpaka chaka chamawa, chifukwa wavulala kapena wadwala.

Ambiri amawasokoneza ndi kubwezeredwa ndalama, koma n'zosiyana. Chomwe chimasungidwa ndi malo okha. Ndalama zolembetsera nthawi zambiri zimapita. Ku London Marathon, yomwe inayamba mu 1981, munthu amene anapeza malo kudzera m'maere akavulala amaloledwa kudikira chaka chotsatira, koma amalipiranso, ndipo sangasunthe kawiri motsatizana. Ngakhale zili choncho, phindu la chilolezochi si laling'ono, poti ofuna kuthamanga nawo amachuluka kwambiri kuposa malo omwe alipo, moti wina amalephera maerewo zaka zingapo. Chilolezochi chimathandizanso kuti munthu asadzikakamize kuthamanga ndi bondo lotupa poopa kutaya mwayi wake.

Boston Marathon, yomwe inayamba mu 1897, ndi yokhwimitsa zinthu: kuvulala si chifukwa chosungirira malo. Koma mu 2023 inatsegula khomo losungira malo kwa amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, kutanthauza kuti mawuwa tsopano sakukhudza ovulala okha ayi.