Msewu wa Kumpoto kwa Durban ndi Zithunzi Zimene Sizinajambulidwe

Amene amachoka ku Durban kulowera kumpoto amakhala ndi misewu itatu. Wa M4 umatsata gombe kudutsa Umhlanga ndi Umdloti, wa N2 ndi wa othamanga, pamene wakale wa R102 umakhotakhota m'zitunda za nzimbe mpaka ku Verulam, Tongaat ndi Groutville. Mwezi wa Disembala, m'misewu imeneyi mumayendanso mabanja ochokera ku Mangochi, Chipata, Lichinga ndi Ulongwe amene anakhazikika ku Durban. Amaimika galimoto pambali, ana n'kundanda kutsogolo kwa nyanja yamchere, ndipo chithunzi chimafika kwa agogo kumudzi dzuwa lisanalowe. Chithunzi chotere chimaoneka chachabechabe, koma kwa zaka zoposa 100 banja la munthu wakuda wochokera kumaiko a kumpoto silikanatha kuchijambula. Mbiri ya msewu umenewu imafotokoza chifukwa chake.

Tauni ya Verulam, imene ili m'mbali mwa mtsinje wa uMdloti pa mtunda wa makilomita pafupifupi 27 kuchokera ku Durban, inakhazikitsidwa mu 1850 ndi Angerezi a mpingo wa Methodist. Nthawi yomweyo Edmund Morewood anali kuyesa ulimi wa nzimbe ku Compensation, kumpoto pang'ono. Nzimbe zitavomera nthaka, eni minda anasowa antchito, popeza Azulu ambiri anali akadali ndi minda ndi ng'ombe zawo ndipo sanafune kudzimanga pa mapangano a zaka zambiri. Motero pa 16 Novembala 1860 sitima yapamadzi yotchedwa Truro inafika pa doko la Durban itanyamula Amwenye oyamba obwera pa pangano la zaka zisanu. Pofika mu 1911 anali atabwera oposa 150,000, ndipo aliyense analembedwa m'kaundula ndi nambala yake. Zitunda zobiriwira zimene lero zimakongoletsa zithunzi zinalimidwa ndi manja awo. Mu Novembala 1913 ananyanyala ntchito m'minda ya ku Verulam ndi Mount Edgecombe, ndipo ena anaomberedwa ndi apolisi.

Anthu a kumpoto kwa Zambezi anafika m'dzikoli msanga kuposa momwe ambiri amaganizira. Mu Ogasiti 1873 sitima yankhondo ya Angerezi inatsitsa ku Durban anthu 113 amene anawomboledwa m'zombo za ogulitsa akapolo, ndipo magulu ena anatsatira m'zaka zotsatira. Ambiri anali Amakua a kumpoto kwa Mozambique. Boma la Natal silinawasiye mfulu kotheratu, linawamanganso pa mapangano a ntchito monga Amwenye. Pambuyo pake Asilamu a pakati pawo anamanga mudzi ku Kings Rest, pa chitunda cha Bluff moyang'anana ndi doko, ndipo anatchedwa Azanzibari ngakhale kuti kwawo sikunali ku Zanzibar. Ayao ochokera ku Nyasaland amene ankafika ku Durban kudzafuna ntchito ankapeza mzikiti ndi pogona pakati pa anthu amenewa, ena n'kukwatira komweko. Lamulo la Group Areas la 1950 litayamba kuluma, mudziwo unasamutsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kupita ku Chatsworth, kutali ndi nyanja imene inawabweretsa.

Nthawi yonseyi kamera inali kugwira ntchito pa gombeli, koma inali ndi eni ake. Kampani ya Kodak itatulutsa kamera yotsika mtengo ya Brownie mu 1900, kujambula pa ulendo kunasanduka mwambo wa mabanja a Azungu. Chithunzi chimene mlendo aliyense ankafuna ku Durban chinali cha pa ngolo yokokedwa ndi munthu. Ngolo zimenezi anazibweretsa m'zaka za m'ma 1890 ndi Marshall Campbell, mwini minda ya nzimbe ya ku Mount Edgecombe, yemwe dzina lake likukumbukidwa m'dzina la KwaMashu. M'zithunzizo mayi ndi ana akhala pampando, pamene Mzulu wovala nyanga za ng'ombe ndi nthenga kumutu waima kutsogolo atagwira mitengo ya ngoloyo. Kuseri kwa chithunzi kunkalembedwa maina a okwera. Wokokayo analowamo monga chokongoletsa, mofanana ndi mgwalangwa kapena funde.

Kwa mwamuna wakuda, chithunzi choyamba kawirikawiri chinkajambulidwa ndi boma. Lamulo la 1952 linakakamiza amuna onse akuda a zaka 16 kupita m'tsogolo kuyenda ndi kabuku kokhala ndi chithunzi chawo, ndipo wopezeka wopanda kabukuko ankamangidwa. Obwera kuchokera ku Nyasaland ndi Mozambique anali ndi zitupa zawozawo. Amene analembedwa ndi Wenela ankapita ku migodi ya ku Joni, kukakhala m'makomboni a amuna okhaokha. Amene anafika ku Natal ambiri anali oyenda paokha, aja ankati a selefu, monga anachitira Kamuzu Banda ali mnyamata pamene anagwirako ntchito pa mgodi wa malasha kufupi ndi Dundee. Ambiri a iwo anasiya akazi ndi ana kumudzi. Ulendo wa banja sukanatheka chifukwa banjalo linali litagawika pakati: bambo ku Natal, mayi ku Mzimba kapena ku Angónia. Amene anakhalitsa osabwerera anapatsidwa dzina lowawa lija la matchona.

Ngakhale banjalo likanakhala pamodzi, gombe linali lotseka. Lamulo la 1953 logawa malo a anthu onse potsata khungu linapatsa Azungu magombe abwino, kuphatikizapo a ku Umhlanga. Zikwangwani za m'Chingerezi, Chiafrikaans ndi Chizulu zinkalengeza kuti malowo ndi a Azungu okha. Mabanja akuda amene ankafuna kusambira ankapita ku Umgababa, kumwera kwa mzinda. Ngakhale mfumu Albert Luthuli, mtsogoleri wa ANC, analetsedwa mu 1959 kutuluka m'boma la kwawo ku Groutville, kotero kuti anachita kupempha chilolezo chapadera kuti akalandire mphoto ya Nobel ku Oslo mu Disembala 1961. Ngati munthu wodziwika padziko lonse sankatha kuyenda momasuka mumsewu wopita ku Durban, wophika wa ku Nkhata Bay akanauyenda bwanji ndi ana ake?

Anthu sanangokhala manja lende. Popeza ulendo unaletsedwa, anaulowetsa m'nyumba. M'dera la msewu wa Grey ku Durban munali nyumba zojambuliramo zithunzi za Amwenye, ndipo imodzi yodziwika inali Bobson Studio, imene inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Wantchito ankafika Loweruka atavala suti ndi chipewa, n'kuima kutsogolo kwa nsalu yotchinga, pambali pali maluwa a pulasitiki. Chithunzicho chinkaikidwa mu envelopu pamodzi ndi kalata, ndipo kumudzi chinkasungidwa m'sutikesi kapena pakati pa masamba a Baibulo. Chinkanena kuti mwamunayo ali moyo ndipo akudya bwino. Sichinkanena za chipinda chogona amuna khumi, kapena za wapolisi wofunsa chitupa pakhomo pa sitolo. Ana ambiri anadziwa nkhope ya bambo wawo kudzera m'pepala lotere.

Panalinso ojambula amene anatembenuza kamera kuti iyang'ane zimene alendo ankazilambalala. Ranjith Kally, wobadwira ku Isipingo mu 1925, anajambulira magazini ya Drum ndipo anasiya zithunzi za Luthuli zimene zikugwiritsidwabe ntchito. Omar Badsha anajambula moyo wa m'zisakasa za ku Inanda, kumadzulo kwa minda ya nzimbe yomweyo, ndipo zithunzizo zinatuluka m'buku mu 1985. Ku Inanda komweko kuli sukulu ya Ohlange imene John Dube anayambitsa, kumene Nelson Mandela anaponya voti pa 27 Epulo 1994. Malamulo a zitupa anali atathetsedwa mu 1986, magombe anatsegulidwa kumapeto kwa 1989, ndipo lamulo la 1953 lija linafafanizidwa mu 1990. Kuyambira pamenepo bambo, mayi ndi ana akanatha kuima pamodzi pa mchenga wa ku Umdloti.

Komabe ufulu umenewu sunakhazikike mofanana kwa onse. Mu Epulo 2015 alendo a m'maiko ena a mu Africa anathamangitsidwa m'nyumba zawo ku Durban, n'kukasungidwa m'matenti ku Isipingo, Chatsworth ndi Phoenix, pafupi ndi Verulam, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Mu Malichi 2019 Amalawi enanso anathawa m'zisakasa za ku Burnwood. Zithunzi zimene zinafika kumudzi masiku amenewo zinali za amayi atakhalira mitolo ya zovala.

N'chifukwa chake chithunzi cha banja pa gombe la kumpoto kwa Durban chiyenera kusungidwa mosamala, osati kungosiyidwa mu foni mpaka itatayika. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekha pochiyang'ana adzafunsa amene analima zitunda zooneka kumbuyoko, ndi amene analetsedwa kuima pamchengapo. Ndipo wodekha pochisunga adzachisindikiza pa pepala, n'kulemba kuseri kwake chaka, malo, maina a onse ali pamenepo, mfunda wawo ndi mudzi wa kwawo. Wokoka ngolo uja ndi mtchona wa mu suti anatsala opanda dzina m'zithunzi zambiri chifukwa panalibe wowalembera mawu ochepa amenewa.