“Akulipirani zingati?”

Tchuthi chapitachi ine ndi anzanga asanu a ku yunivesite tinanyamula matumba kukatola zinyalala m'njira yochokera ku Fort Lister kukwera ku Sombani, pa phiri la Mulanje. Tisanapite patali tinakumana ndi bambo wina akutsika ndi mtolo wa nkhuni. Anatiyang'anitsitsa, kenako n'kufunsa kuti, “Akulipirani zingati?” Titayankha kuti sitilandira kanthu, anangoseka n'kumapita. Madzulo nditafika kwathu kwa Kaduya ndinawafotokozera agogo aakazi. Iwo sanaseke. Anangoti, “Ndiye mwayambiranso thangata?”

Poyamba zinandinyansa. Koma nditakhala pansi ndinaona kuti njira imene tinkayeretsayo ili ndi mbiri yaitali ya anthu osenza katundu osalandira kanthu.

Mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi unali njira ya ogulitsa akapolo, amene ankadutsitsa anthu m'magoli kupita nawo kugombe la nyanja ku Mozambique. Mu 1893 atsamunda a ku Britain anamanga linga la Fort Lister kuti atseke njirayo. Ukapolo unathadi, koma katundu sanachoke pamutu pa munthu wakuda. Kunabwera utengatenga, kunabweranso thangata. Mawu akuti thangata kale ankatanthauza kuthandizana, monga kukalima m'munda wa mfumu kapena wa mnansi. Eni maesiteti anawasandutsa lendi: ukafuna kukhala pamalo a mzungu, uzimugwirira ntchito mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Ambiri amene anavutika nazo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, makolo a ambirife kuno ku Phalombe. Thangata inali imodzi mwa nkhani zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915, koma inadzathetsedwa mu 1962. Agogo anga anali atabadwa kale.

Nthawi ya Kamuzu kunali Sabata la Achinyamata. Mayi anga amakumbukira akulambula misewu ndi kutuntha njerwa. Amavomereza kuti ntchito inkaoneka, koma kukana kunalibe. Ndiye munthu amene anakula akumva kuti “ntchito yodzipereka”, pomwe wodziperekayo sanafunsidwe, musadabwe akafunsa za malipiro. Ife ophunzira timathamangira kunena kuti anthu akumudzi anazolowera maalawansi. Mwina n'zoona, koma kukayikako kunayamba maalawansi asanabwere.

Zinyalala n'zimene zili zachilendo m'njirayi. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo kwa zaka zambiri wokwera ankakulunga kamba wake m'masamba a nthochi, madzi n'kutunga mumtsinje. Chimene wataya chinkaola. Lero ndi majumbo, mabotolo a pulasitiki ndi mapepala a mabisiketi. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikiloni 60, mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi lamulolo mu 2019, komabe matumba athu atatu anadzaza kwambiri ndi majumbo omwewo. Mu Novembala 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, koma tsache lake linkathera m'misika ndi m'maofesi. Tsopano mu Julayi 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Alendo achuluka, ndipo aliyense abwera ndi botolo lake. Pajatu madzi a m'mipopi yambiri ya ku Phalombe amachokera m'mitsinje ya m'mapiri omwewa.

Kwa ine kusiyana kwa thangata ndi zimene tinachita n'koonekeratu: palibe kapitawo anatituma, ndipo tikanatopa tikanabwerera. Koma pali china chimene chinandichititsa manyazi. Mnyamata amene ankatitsogolera, amene amapeza ndalama ponyamula zikwama za alendo, anatiuza kuti iye amatola mabotolo ulendo uliwonse, chifukwa mlendo akaona uve sabweranso. Palibe amamulipira pa zimenezo, palibenso amamujambula. Ife tinapita Loweruka limodzi lokha, zithunzi n'kudzaza pa Facebook.

Wophunzira amene ali patchuthi angathe kupereka tsiku lake. Bambo wa nkhuni uja akapereka tsiku, ana ake agona ndi njala. N'chifukwa chake ndikuona kuti gawo la ndalama zimene alendo amalipira polowa m'nkhalango liyenera kupita kwa anthu a m'midzi yozungulira amene amasamala njirazi chaka chonse. Ife odzipereka tizibwera kudzawonjezera manja, osati kukhala chifukwa choti iwo asalipidwe.

Tikukonza zopitanso mu Disembala. Agogo andibwereka matumba awiri a feteleza, koma anenetsa kuti ndikawabweze otsuka.