Kapaketi Kamene Kanayesedwa ku Katete

Nthawi ya mvula ikafika, pa wailesi yathu timayamba kulandira mafoni a mtundu umodzi: mwana akutsegula m'mimba, kucipatala n'kutali, tipange bwanji? Amaimba a ku Katete kuno, a ku Sinda, ena ku Vubwi kumene netiweki imadukaduka. Yankho lathu silisintha, madzi a moyo. Koma ambiri a ife sitidziwa kuti mbiri ya madzi amenewa inadutsa pakhomo pathu penipeni.

Inayambira kutali. Mu 1971, pa nkhondo ya Bangladesh, kolera inabuka m'misasa ya othawa kwawo ku Bangaon, m'dziko la India. Madiripi anatha. Dokotala Dilip Mahalanabis anayamba kusakaniza mcere ndi shuga m'madiramu a madzi, n'kuuza acibale a odwala kuti azimwetsa okha. Imfa zinatsika kucoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 kufika pa osakwana 4. Cinsinsi cake n'cakuti matumbo amakoka sodium mosavuta akakhala pamodzi ndi glucose, ndipo madzi amatsatira mcerewo kulowa m'thupi.

Apa masamu a ku sukulu aja amene tinkawathawa amabwerera. Paketi imene bungwe la WHO linavomereza mu 2002 ili ndi magalamu 2.6 a sodium chloride, womwe ndi mcere wathu wa m'ndiwo, magalamu 1.5 a potassium chloride, 2.9 a trisodium citrate ndi 13.5 a glucose. Zonse pamodzi ndi magalamu 20.5, ndipo anaziyeza kuti zilowe mu lita imodzi ya madzi. Lita imodzi ndendende. Tsono taganizani mayi wa kumudzi amene alibe coyezera, ali ndi kapu cabe ya mamililita 200. Akathira paketi yonse m'kapumo, madzi ndi ocepa kasanu, ndiye mcere ukhala wamphamvu kasanu: 2.6 kuculukitsa ndi 5, magalamu 13 pa lita. Madzi a m'diripi ali ndi magalamu 9 pa lita. Msuzi wotero, pamodzi ndi shuga woculuka kasanu, umakoka madzi kucoka m'thupi la mwana kupita m'matumbo. Mankhwala asanduka mdani. Akathira pang'ono mongoganizira, nthawi zina amakhala madzi wamba. Ndipo akasakaniza lita yonse bwinobwino, mwana wamng'ono saimaliza, yotsala iyenera kutayidwa pakapita maola 24.

Vuto limeneli ndi limene bungwe la ColaLife linabwera nalo kuno. Woyambitsa wake, Simon Berry, anagwirapo nchito ku Mpika m'zaka za m'ma 1980, ndipo anadabwa kuti Coca-Cola imafika m'midzi imene mankhwala safika. Mu 2012, caka cimene Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha, iye ndi mkazi wake Jane, pamodzi ndi Keepers Zambia Foundation ndi Unduna wa Zaumoyo, anayamba kuyesa Kit Yamoyo m'maboma awiri, Katete ndi Kalomo. Petauke ndi Monze anali oyerekezera. Kampani ya Pharmanova ku Lusaka ndiyo inkapanga.

Kunja anacita nako cidwi cifukwa ka mapangidwe kake: kabokosi ka pulasitiki kolowa m'mipata ya pakati pa mabotolo m'kireti. Kanapata ngakhale mphoto ku Design Museum ya ku London mu 2013. Koma a magolosale athu anangomanga makatoni kumbuyo kwa njinga monga amacitira ndi sopo ndi saladi, ndipo ndi ocepa kwambiri amene anagwiritsa nchito makireti. Pamapeto pake lingaliro la kireti linasiyidwa. Ife timaseka tikakumbukira, koma tiwapatse ulemu, anamvera.

Cimene cinagwira nchito cinali masamu aja. Anagawa paketi ya lita kasanu: 20.5 kugawa ndi 5, magalamu 4 ndi pang'ono, okwanira mamililita 200. Kabokosi komweko kanali ndi mzere woonetsa polekezera madzi, ndiye kanali coyezera, cosakaniziramo ndi kapu. Munalinso mapiritsi a zinc a masiku 10 ndi kasopo, mtengo wake K5,000 ya kale, imene inakhala K5 mu January 2013. Patatha caka, ana otsegula m'mimba amene analandira madzi a moyo pamodzi ndi zinc anakwera kucoka pa osakwana mmodzi pa 100 kufika pa 45 pa 100. Mu 2019 WHO inaika ziwirizi, zopakidwa pamodzi, pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, ndipo umboni wina unacokera kwa amayi a kuno.

Mu January 2024 bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala ca kolera, ndipo mafoni anaculukanso. Timafunsa woimba funso limodzi tisanayankhe: "Amayi, pa paketi yanu palembedwa lita imodzi kapena 200 ml?" Ngati palibe paketi iliyonse, timawauza kuti atenge lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'ono 6 a shuga osadzaza mpaka phiri, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere, kenaka amwetse mwana ali m'njira yopita kucipatala.