Mbiri ya Akatswiri Owerengetsa Mayendedwe a Nyanja

Phunziro lathu la mbiri lero lititengera kutali, koma ulendo wake uyambira pakhomo pomwe.

Mvula ikagwa kwa Sandwe, ku Petauke kapena ku Nyimba, madzi ake amatsata timitsinje nakathira mu Luangwa. Mtsinje wa Luangwa umawapereka ku Zambezi, ndipo Zambezi amakawatula m'nyanja yamchere ya Indian Ocean, ku Mozambique. Ambiri a ife sitinaionepo nyanjayo, komabe imatikhudza, pakuti mvula ina imene timalimira imachokera kumeneko, ndipo katundu wina, monga feteleza, amadzera padoko la Beira.

Anthu okhala m'mbali mwa nyanja ali ndi mdani amene ife sitimdziwa. Thirani madzi m'beseni, muuzire mpweya mwamphamvu kuchokera mbali imodzi. Mudzaona madzi akuunjikana mbali inayo, mwina mpaka kutayikira. Namondwe amachita chimodzimodzi: mphepo yake imakankha nyanja nkuikweza kumtunda, nimiza midzi. Kwa zaka mazana ambiri panalibe wodziwiratu kuti madziwo adzafika pati.

Mmodzi mwa oyamba kuyesa kulosera nyengo ndi masamu anali Mngelezi wina, Lewis Fry Richardson, amene anafalitsa buku lake mu 1922. Maganizo ake tingawafanizire ndi nsolo. Gawani mlengalenga kapena nyanja m'maenje ambirimbiri, kenaka muwerengetse kuchuluka kwa mpweya kapena madzi ochoka m'dzenje lina kulowa m'linzake, monga momwe timasunthira miyala. Koma ntchitoyo inamkulira. Anatha masabata 6 akuwerengetsa nyengo ya maola 6 okha, ndipo yankho linatuluka lolakwika. Iye anayerekeza kuti pangafunike anthu 64,000 owerengetsa nthawi imodzi kuti aipitirire nyengo. Maloto akewo anadikira makina. Mu 1950, ku America, kompyuta yotchedwa ENIAC inalosera nyengo ya tsiku limodzi kwa nthawi yoyamba.

Masoka ndiwo anafulumizitsa ntchitoyi. Usiku wa pa 31 Januwale 1953 nyanja inasefukira ku Netherlands nipha anthu oposa 1,800. Mu Novembala 1970 namondwe anakankhira madzi m'dziko limene lero ndi Bangladesh, ndipo anthu osachepera 300,000 anafa. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wina wa ku America, Chester Jelesnianski, anakonza njira yowerengetsera pakompyuta kukwera kwa madzi pagombe lililonse, malinga ndi mphamvu ya mphepo ndi kuya kwa nyanja. Dziko la Bangladesh nalo linamanga nyumba zazitali zothawirako, niliphunzitsa anthu ofalitsa machenjezo m'midzi. Namondwe wa mu 1991 anaphabe anthu pafupifupi 138,000, koma wa mu 2007, wotchedwa Sidr, anapha pafupifupi 3,500.

Akatswiri ena amagwira ntchito kumalekezero a dziko, kumpoto ndi kummwera, kumene kumazizira kotero kuti nyanja imaundana pamwamba. Madzi oundanawo, kapena kuti ayezi, ndi oyera, motero amabweza kuwala kwa dzuwa monga malata atsopano. Amatchinganso gombe kuti mafunde asaligumule. Kuyambira 1979 masetilaiti akhala akuyeza ayeziyo mosalekeza, ndipo aonetsa kuti wa kumpoto akuchepa. Pamudzi wa Shishmaref ku Alaska, nyanja inayamba kuchedwa kuundana, anamondwe nkumadya gombe, kufikira mu 2016 pamene eni mudzi anavota kuti asamuke. Mu Africa muno, chombo cha South Africa chotchedwa S.A. Agulhas II chimanyamuka ku Cape Town ndi asayansi okayeza ayezi wa kummwera. Zimene apeza amaziika m'makompyuta, nayerekeza yankho la makina ndi zimene maso aona. Zikasiyana, amakonza masamu awo nayambanso. Ndi ntchito yofuna kuleza mtima, ndiponso kuvomera pamene walakwa.

Tsono tibwerere kufupi ndi kwathu. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe Idai anawomba mzinda wa Beira. Makompyuta anali ataonetsa njira yake patatsala masiku angapo, komabe anthu oposa 1,000 anafa ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi, ambiri chifukwa cha mitsinje yosefukira ndi kugumuka kwa mapiri. Apa tiphunzirapo kuti masamu paokha sapulumutsa munthu. Chenjezo liyenera kufika pamudzi m'chilankhulo chomveka, anthu alikhulupirire, ndipo akhale ndi kothawira.

Mwina mukufunsa kuti, nanga mwana wa kwa Sandwe zikumkhudza bwanji? Kompyuta siidziwa kanthu popanda manambala, ndipo manambalawo amachokera kwa anthu oyeza mvula, mphepo ndi kutentha tsiku ndi tsiku pamalo oyezera nyengo, monga a ku Petauke ndi ku Chipata. Katswiri aliyense amene tamtchula lero anayamba ndi kuphatikiza ndi kuchotsera, monga inu.

Aphunzitsi, phunziro likatha, thandizani ana kulondola pamapu ulendo wa madzi kuchokera mu Luangwa kufikira kunyanja. Dzinja likafika, ikani chitini chosapindika pabwalo la sukulu, kutali ndi mitengo ndi madenga. Mmawa uliwonse ana ayeze madzi ake ndi rula, alembe m'buku, ndipo pakutha pa mwezi awonkhetse. Ndipo inu ana, mukamva chenjezo la mvula yamphamvu pawailesi, kauzeni makolo, musawoloke mtsinje wodzaza.

Tsalani bwino, tidzakumananso m'phunziro lotsatira.