Mlendo, agalu ndi mkondo: mbiri ya kukayikirana kwathu

Kuno kwathu, kuyambira ku Kambulatsitsi mpaka kumapiri a Zóbuè, mlendo wosenza thumba timamulonjera n'kumutungira madzi akumwa. Koma mlendo yemweyo akatulukira ndi agalu anayi pambuyo, nkhwangwa ili paphewa, amayi amaitana ana kuti abwere pakhomo, anyamata n'kuyamba kuwerenga mbuzi. Ambiri amati khalidwe limeneli ndi la masiku ano, labwera ndi afisikale ndi malamulo a boma. Ine ndikuti ndi lakale kuposa malire amene timaoloka tsiku ndi tsiku. Ndikufuna tilondole mapazi ake, cifukwa tikapanda kudziwa kumene linacokera tidzamenya munthu wosalakwa, wakuba weniweni akudutsa pambali.

Makolo athu sankaona kusaka ngati mlandu. Cilimwe cikafika, udzu utauma, mfumu inkalengeza uzimba. Amuna a midzi ingapo ankakumana ndi mikondo, mauta, zibonga ndi maukonde, ndipo agalu ndiwo ankadzutsa gwape, insa, kalulu ndi nguluwe. Uzimbawo unali ndi malamulo ake. Woyamba kulasa ndiye anali mwini nyama, ngakhale wina aitsirize. Mwendo unkapita kwa mwini dziko. Njobvu ikagwa, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mfumu, wam'mwambawo n'kukhala wa mlenje. M'dziko la Undi, kumpoto kwa Zambezi, zikopa za mikango ndi akambuku nazonso zinkaperekedwa kwa mafumu.

Mlenje wa kutali sankakanizidwa. Ankayamba wafika pabwalo, kunena dzina lake, mfunda wake, kaya ndi Phiri kaya ndi Banda, ndi mudzi umene wacokera. Akabvomerezedwa ankagona m'mudzimo, ndipo pocoka ankasiya gawo la nyama. Malume anga amene anandiphunzitsa kuchera diwa sankafunsa kuti munthu ali ndi agalu angati. Ankangofuna kudziwa ngati wadzera kwa anyakwawa. Wodzera kumeneko anali mlendo. Wolambalala bwalo n'kulowa m'thengo mwakacetecete anali mbala, ngakhale asanaphe kanthu.

Mantha oyamba anabwera ndi minyanga. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, eni minda ikuluikulu ya m'mphepete mwa Zambezi, yochedwa prazo, anali ndi asilikali awo, Acikunda. Ambiri mwa iwo anali akapolo, ndipo anachuka ndi luso lopha njobvu ndi mfuti za gogodera. Ena ankabwera mwaulemu, kupereka mnyanga wa pansi, kukwatira m'midzi n'kukhazikika. Ena ankatenga minyanga yonse iwiri, n'kugwiranso anthu oti aisenze. Ku Makanga, kumpoto kwa Tete, banja la Pereira linalamulira ndi mfuti mpaka Apwitikizi analigonjetsa mu 1902. Kumbali ya Zumbo kunali Kanyemba ndi Matakenya, amene magulu awo ankasaka njobvu ndi akapolo pa ulendo umodzi. Allen ndi Barbara Isaacman analemba mbiri ya Acikunda m'buku limene linatuluka mu 2004. Zidzukulu za Acikunda lero ndi anansi athu ndi apongozi athu, ndipo palibe mlandu umene ndikuwaimba. Ndikungonena kuti m'nthawi imeneyo midzi inaphunzira cinthu cimodzi: wobwera kudzasaka nyama amatha kubwerera ndi mwana wako.

Kenaka kunabwera malire. Pa 11 Juni 1891, Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dziko, ndipo mzere unadutsa pakati pa anthu a cilankhulo cimodzi. Thengo limene midzi ya ku Zóbuè ndi ya ku Mwanza inkasakamo pamodzi linasanduka maiko awiri. Gwape sanamve za panganolo, galu wothamangitsa gwapeyo sanamvenso. Koma pamaso pa boma, mphwako wa kutsidya wotsata galu wake anali atasanduka munthu wakunja.

Malamulo a atsamunda anatembenuza zinthu cadodolido. Ufulu wosaka unacoka pabwalo la mfumu n'kupita papepala la lisensa, ndipo mfuti inafuna cilolezo cimene munthu wakumudzi sakanacipeza mosabvuta. Mu 1955 boma la ku Lisboa linatulutsa lamulo nambala 40040 lokhudza nthaka, mitengo ndi nyama m'maiko amene linkalamulira, ndipo malo akuluakulu ochedwa coutada ankasungidwira osaka olipira ndalama. Mzungu wocokera kutsidya la nyanja, wokhala ndi pepala ndi mfuti, anali mlenje wobvomerezeka. Mwini dziko ndi galu wake wowonda ndiye anapatsidwa dzina loti caçador furtivo, wosaka mwakuba. Ku Nyasaland nakonso malamulo a nyama anali a mtundu womwewo. Apa panabadwa mantha aciwiri: mlendo angakhale kazitape wa asipayi, wobwera kudzasuzumira nyama yofutsa pathandala. Tinayamba kuopa mlendo wodzatibera nyama, n'kuopanso mlendo wodzatinenera kuti tadya nyama.

Nkhondo zinaonjezera nkhuni pamoto. Frelimo itatsegula nkhondo m'cigawo ca Tete mu 1968, Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi yampanda yochedwa aldeamento, ndipo wopezeka m'thengo ankaganiziridwa kuti akupititsa cakudya kwa omenya nkhondo. Ufulu utabwera mu 1975 sitinapume nthawi yaitali. Nkhondo ya Renamo ndi boma inafika kuno, magalimoto a pamsewu wa Tete ndi Zóbuè n'kumayenda pamndandanda moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ine ndinakula m'zaka zimenezo. Galu akauwa usiku sitinkati kwabwera fisi. Tinkanyamula mabulangete. Tsiku limene banja lathu linaoloka malire tinasiya agalu athu awiri pakhomo, cifukwa galu sadziwa kukhala cete pamene anthu akubisala. Mpaka lero anthu a msinkhu wanga akamva agalu acilendo kumunda, mtima umayamba wathamanga mutu usanaganize.

Pamene mtendere unkasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, thengo linali litatha. Asilikali a mbali zonse ankadya nyama ya m'chire, minyanga n'kumagulitsidwa. Ku Gorongosa nyama zikuluzikulu zoposa zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zinatha. Ku Majete, kufupi nafe kutsidya kwa malire, njobvu zinatheratu, mpaka pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowo mu 2003 n'kubweretsamo zina. Ndipo bala lathu silinapole bwino. Mu 2015 ndi 2016 anthu zikwizikwi a m'boma la Moatize, makamaka a ku Nkondezi, anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ambiri n'kusamutsidwira ku Luwani. Munthu amene wathawa kawiri sungamuuze kuti asayang'anitsitse nkhope yacilendo.

Mlenje wa lero ndi wa mtundu wina. Kucokera pamene kampani ya Vale inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, mabanja atasamutsidwira ku Cateme, tauni yakula ndipo pakamwa pofuna ndiwo pacuruka. Makala ali ndi msika, nyama ya m'thengo ilinso ndi msika. Wosakira msika sadikira cilimwe, sasiya yabere, sapereka mwendo kwa wina aliyense. Amachera makhwekhwe a waya amene amakola mbuzi ndi ng'ombe zomwe, amayatsa moto umene umapsereza udzu wofolera nyumba ndi mitengo ya masau, ndipo agalu ake akasowa gwape salekerera mwana wa mbuzi. Kukayika kwathu sikopanda maziko. Galu wamkota sakandira pacabe.

Komabe tidziwe cimene lamulo likunena, kuti tisaweruze ndi mantha okha. Lamulo la nkhalango ndi nyama za m'thengo la pa 7 Julayi 1999 linazindikira kuti anthu akumudzi amasaka kuti adye, ndipo linaika lisensa yapafupi ya kusaka kotero. Malangizo ake a mu 2002 anachula agalu pakati pa zinthu zololedwa posaka, koma anakana makhwekhwe, n'kuikanso nyengo imene kusaka kumatsekedwa kuti nyama ziswane. Kuyenda ndi galu pakokha si mlandu. Mlandu waukulu uli pa nyama zotetezedwa monga njobvu ndi ngaka: lamulo la mu 2014, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafika pa zaka 16 za ndende. Cifukwa cake n'coonekeratu. Kalembera wa mu 2014 anapeza kuti njobvu za m'Mozambique zinatsika kucoka pa 20,000 kufika pafupifupi 10,300 m'zaka zisanu zokha. Zimenezo sizinaphedwe ndi mnyamata wa agalu atatu ndi cibonga. Zinaphedwa ndi mfuti zazikulu, ndipo ozigula minyanga sanapondepo m'mudzi mwathu.

Cimene cimandipatsa ciyembekezo n'cakuti nzeru ya makolo inayamba kubwerera. Pakati pa zaka za m'ma 1990, ku Bawa m'boma la Mágoè, kunayamba nchito ya Tchuma Tchato, kutanthauza cuma cathu, yoti midzi izilandira gawo la ndalama zimene osaka olipira amapereka. Lamulo la dziko linaikanso kuti 20 mwa 100 iliyonse ya misonkho ya mitengo ndi nyama izibwerera kumidzi kumene zatengedwa. Ndalamazo zimacedwa, nthawi zina zimasocera m'njira, koma mfundo yake ndi ya mnyanga wa pansi uja: wodya za m'dziko la eni asiye gawo la eni.

Ngozi imene ndikuopa ndi ya manja athu omwe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitafala ku Mulanje ndi Phalombe, anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ena cifukwa cakuti nkhope zawo sizinali zodziwika pamalopo. Palibe dontho la magazi opopedwa limene linapezeka, koma maliro anali enieni. Kuno kumalire, kumene theka la abale athu lili ndi ziphaso za dziko lina, mwala woponyera mlendo umagwera pamutu pa msuweni.

Conco ndikupempha kuti tibwerere ku funso la pabwalo lija. Mukakumana ndi munthu wa agalu m'munda mwanu, mulonjereni, mumufunse dzina, mudzi wake ndi amene wamulola. Woyankha bwino muperekezeni kwa anyakwawa akadzionetse. Wozemba mafunso, kapena wosenza waya ndi mfuti, musamuthamangitse ndi zikwanje. Zindikirani nkhope yake ndi njira imene walowera, mukanene kwa anyakwawa ndi kwa apolisi a ku posto. Nanunso anyamata osaka, a mbali ino ndi a kutsidya, musalowe m'thengo la eni ngati afisi. Mangani agalu podutsa pakhola, muwabayitse katemera wa ciwewe, siyani macesi m'thumba, ndipo yambani mwagogoda pakhomo la mwini mudzi. Agogo athu analibe lisensa kapena ciphaso, koma ankadziwa kusiyanitsa mlendo ndi mbala popanda kukhetsa magazi, ndipo bwalo limene ankaweruzirapo likadalipo m'mudzi uliwonse.