Kashiamu Amene Amafinya Mitsempha ndi Chiberekero

Kusukulu nkhani ya kashiamu imathera pa mafupa, mano, usipa ndi mkaka. Komatu kashiamu wochepa amene amayenda m'magazi ndi m'madzi ozungulira maselo ali ndi ntchito ina: kuuza minofu nthawi yoti ikungike.

Pali minofu imene sitiilamula ndi maganizo: ya m'makoma a mitsempha ya magazi, ya m'matumbo, m'chikhodzodzo, m'chiberekero ndi m'njira za mpweya. Pa maikulosikopu ilibe mizeremizere yomwe imaoneka pa minofu ya mkono, ndiye akatswiri amaitcha minofu yosalala.

Selo ya mnofu wotere ikakhala phee, kashiamu wakunja amaposa wamkati pafupifupi ka 10,000. Uthenga ukafika kuchokera ku minyewa kapena mahomoni, timakomo ta pakhungu la selo timatseguka, ndipo nkhokwe yamkati, sarcoplasmic reticulum, imatulutsanso wake. Kashiamu sakoka chilichonse payekha. Amamatirira ku puloteni yotchedwa calmodulin, yomwe Wai Yiu Cheung ndi Shiro Kakiuchi anaitulukira payekhapayekha mu 1970. Calmodulin ikanyamula kashiamu imadzutsa enzayimu ya myosin light chain kinase, iyo n'kumata phosphate pa puloteni ina yotchedwa myosin. Apo myosin amagwira ulusi wa actin n'kuukoka, monga anthu okoka khoka pagombe. Mnofu wa mkono umadalira puloteni yotchedwa troponin ndipo umachita changu. Wosalala ulibe troponin, umachedwa, koma umatha kukhala wokungika nthawi yaitali osawononga mphamvu zambiri. Kuti umasuke, kashiamu amapopedwa kuchoka, enzayimu ina n'kuchotsa phosphate uja.

Kwa ine phindu la mayina ovutawa limaoneka kuchipatala. Wodwala BP akamamwa amlodipine kapena nifedipine, mankhwalawo amatseka ena mwa timakomo tija, mitsempha imamasuka, magazi n'kuyenda mosapanikizika. Sakhudza kashiamu wa m'mafupa, ngakhale ena amatupa nawo mapazi. Nifedipine yemweyo madokotala amapatsa mayi amene matenda amuyamba masiku asanakwane, kuti chiberekero chiyambe chadekha. Mwana akabadwa zofunika zimatembenuka: mzamba amabaya oxytocin, amene amachulukitsa kashiamu m'maselo a chiberekero kuti chikungike zolimba n'kufinya mitsempha yotaya magazi pamalo pomwe panali nsengwa.